Munthu mmodzi, kompyuta imodzi: njira zisanu zogulitsira magemu ndi mapulogalamu muli pakhomo mu Blantyre

Nkhani za anthu amene analemba gemu ali okha m'chipinda n'kudzalemera nayo ndi zoona. Markus Persson wa ku Sweden anatulutsa Minecraft mu 2009, ndipo mu 2014 Microsoft inagula kampani yake ya Mojang pa madola 2.5 biliyoni. Eric Barone anapanga yekha Stardew Valley, zithunzi, nyimbo ndi code yomwe, n'kuitulutsa mu February 2016. Koma Barone anatha zaka zinayi ndi theka gemuyo isanamubweretsere ngakhale dola imodzi, ndipo ankadalira ganyu yolondolera anthu pamipando pa holo ya zisudzo ku Seattle. Ankakhalanso m'dziko limene ndalama za malonda a pa intaneti zimangolowa mu akaunti popanda kuzungulira.

Kwa munthu wa ku Chilomoni, Bangwe kapena Machinjiri amene amadziwa kulemba mapulogalamu, funso loyamba lisakhale loti alembe ndi chida chiti. Ayambe wafunsa kuti adzamulipira ndani, nanga ndalamayo idzadutsa kuti kuti ifike m'manja mwake. Njira zisanu zili m'munsimu taziyeza ndi funso limeneli.

MIYESO INAYI

Mtengo. Apa pali ndalama zolowera, ndipo zambiri zimalipidwa mu madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero chinthu cholipira mwezi ndi mwezi mu madola ndi cholemera kuposa cholipira kamodzi, ngakhale chiwerengero chake chikuoneka chaching'ono. Mu mtengo muwerengerenso miyezi imene mudzagwire ntchito musanalandire kanthu.

Kupezeka. Kulembetsa ndi nkhani ina, kulandira ndalama ndi nkhani inanso. Alipo makampani amene amakulolani kutsegula akaunti muli ku Malawi koma osakulolani kugulitsa, kapena amalipira podzera njira imene kuno ilibe potulukira.

Kusamalira. Ndiyo ntchito imene imatsala chinthucho chikatuluka: kukonza zolakwika, kuyankha anthu, kutsatira malamulo atsopano a msika.

Zoopsa. Zimene zingathe kufafaniza ntchito ya chaka chonse tsiku limodzi.

ZOFUNIKA PA NJIRA ZONSE

Magetsi ndiwo amasankha kompyuta. Amene anali mu Blantyre mu 2022 akukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Laputopu ndi rauta pamodzi zimadya mawati 60 kapena kucheperapo. Batire la 12V 100Ah limasunga mawati-ola 1,200, koma likakhala la asidi simuyenera kulikama kupitirira theka, apo ayi silitha chaka. Mukachotsa zimene inveta imataya, mumatsala ndi pafupifupi 500, amene ndi maola asanu ndi atatu a ntchito. Kompyuta yapatebulo yokhala ndi khadi lamphamvu la zithunzi imadya mawati 300 mpaka 400, ndipo batire lomwelo silifika nayo maola awiri. N'chifukwa chake magemu a 3D olemera sitikuwalimbikitsa kwa munthu woyamba.

Pa zida zopangira magemu, Godot ndi yaulere kotheratu, siitenga gawo pa malonda anu, ndipo pulogalamu yakeyo siifika ngakhale 200 MB. Mafayilo ake otulutsira gemu ndiwo akuluakulu, muwakopere pa bandulo ya usiku kapena pa Wi-Fi ya mnzanu. Pa laputopu yakale sankhani Compatibility poyamba polojekiti. Unity ndi yaulere mpaka ndalama zanu zitafika madola 200,000 pachaka, koma imadya ma GB angapo, ndipo mu September 2023 eni ake analengeza mtengo watsopano wolipiritsa pa gemu iliyonse yoikidwa m'chipangizo. Anauchotsa mu September 2024 anthu atakwiya, komabe zinaonetsa kuti malamulo a chida cha eni ake angasinthe ntchito ili pakati. Unreal imatenga 5 peresenti mukadutsa madola 1 miliyoni, zimene si vuto lanu lero. Vuto ndi ma GB makumi angapo ndi kompyuta imene imafuna.

Code yanu izikhala pa Git, chida chosunga mbiri ya zimene mwasintha, ndi pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code, kumene kusunga mwachinsinsi n'kwaulere. Tumizani tsiku lililonse musanatseke laputopu. Kuba kwa laputopu ndi kufa kwa hard disk zathetsa mapolojekiti ambiri.

NJIRA YOYAMBA: GEMU YA PAKOMPYUTA PA STEAM

Mtengo. Steam, msika wa pa intaneti wogulitsira magemu a pakompyuta, imafuna madola 100 pa gemu iliyonse, ndipo imakubwezerani gemuyo ikagulitsa madola 1,000. Pa malonda imatenga 30 peresenti. Chimene ambiri sachiwerengera ndi msonkho wa America: Malawi alibe pangano la misonkho ndi dzikolo, ndiye pa ndalama zochokera kwa ogula a ku America amadula 30 peresenti ina zisananyamuke. Gemu ya madola 10 yogulidwa ku Texas imakupatsani madola 7, msonkhowo n'kuwatsitsa kufika madola 4.90. Apa banki siinadule yake, ndipo malonda ambiri amachitika gemu ili yotsitsidwa mtengo. Nthawi yake ndi yaitali: gemu yaing'ono koma yomalizidwa bwino imatenga munthu mmodzi miyezi isanu ndi inayi mpaka zaka ziwiri.

Kupezeka. Pamafunika khadi lotha kulipira madola 100 aja, chiphaso chanu, mafunso a msonkho, ndi akaunti ya ku banki ya dzina lofanana ndendende ndi limene mwalembetsa. Steam imalipira mwezi ndi mwezi podzera ku banki, ndalama zikakwana madola 100. Musanayambe, pitani ku banki yanu mukafunse nambala ya SWIFT, ndalama zimene amadula pa zochokera kunja, zikalata zimene amafuna zosonyeza gwero la ndalamazo, komanso ngati mungatsegule akaunti yosunga madola. Malamulo a Reserve Bank of Malawi pa ndalama zolowa amasintha, ndipo a ku banki ndiwo amakhala ndi atsopano. Dziwaninso kuti mukalipira madola 100 mumadikira masiku 30 musanatulutse gemu, ndipo tsamba lake liyenera kukhala poonekera kwa masabata awiri.

Kusamalira. Masabata anayi oyambirira ndi otopetsa, chifukwa gemu imene imayenda bwino pa laputopu yanu ikukumana ndi makompyuta mazana osiyanasiyana. Pambuyo pake ntchito imachepa kwambiri. Gemu yosewera munthu mmodzi ilibe seva yolipira, ndipo ingathe kugulitsidwa zaka zambiri mukungoikonza apo ndi apo. Pa muyeso uwu Steam ikuposa njira zina zonse kupatula yachiwiri.

Zoopsa. Chachikulu n'chakuti palibe amene adzaione. Mu 2023 mokha pa Steam panatuluka magemu oposa 14,000. Msikawu umakankhira patsogolo gemu imene anthu ambiri anaiika kale pa wishlist (mndandanda wa magemu amene akufuna kudzagula) isanatuluke, ndiye tsamba liyenera kutsegulidwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo tsiku lotulutsa lisanafike, lili ndi chithunzi chokopa ndi kanema wamfupi woonetsa kaseweredwe m'masekondi oyambirira. Steam Next Fest, chionetsero cha magemu amene sanatuluke, imachitika mu February, June ndi October, ndipo gemu imaloledwa kulowa kamodzi kokha. Musaitayire pa chitsanzo chosapsa. Chinanso, wogula angabweze gemu pasanathe masiku 14 ngati sanaisewere maola awiri. Gemu imene imatha pa ola limodzi ndi theka ingaseweredwe yonse n'kubwezedwa.

Pali mwayi umodzi woona umene wa kuno ali nawo. Magemu a nkhondo za m'mlengalenga alipo zikwi, koma gemu yoyendetsa minibasi ya Limbe kupita ku Lunzu, kapena ya bawo yophunzitsa bwino malamulo ake, ogula akunja ambiri sanaione. Zachilendo zimathandiza kuti atolankhani ndi anthu a pa YouTube aiyang'ane. Sizilowa m'malo mwa kaseweredwe kokoma.

NJIRA YACHIWIRI: MAGEMU AANG'ONO PA ITCH.IO

Mtengo. Kuika gemu pa itch.io, tsamba la magemu a opanga odziimira paokha, n'kwaulere. Gawo limene iwo amatenga mumasankha nokha, ndipo mukapanda kusintha limakhala 10 peresenti.

Kupezeka. Aliyense angatsegule tsamba lero lomwe. Gemu ya HTML5 imaseweredwa mu browser popanda kukopera, ndipo ulalo wake umayenda bwino pa WhatsApp. Ndalama zimatuluka podzera PayPal kapena Payoneer, makampani odutsitsa ndalama pa intaneti, ndiye tsegulani akauntiyo ndi kuitsimikiza musanaike mtengo. Mafunso a msonkho wa America aliponso kuno.

Kusamalira. Pafupifupi palibe.

Zoopsa. Ndalama ndi zochepa kwambiri, ndipo amene akuyembekeza kulipira lendi kuchokera apa adzakhumudwa. Phindu lake ndi lina: mipikisano yopanga gemu m'masiku awiri kapena sabata imodzi imachitika pamenepa nthawi zonse, ndipo imakuphunzitsani chinthu chovuta kuposa zonse, kumaliza. Vampire Survivors ya Luca Galante inayamba ngati gemu ya mu browser isanatchuke pa Steam. Tengani itch.io ngati poyesera maganizo asanu kuti muone amene anthu akubwererako.

NJIRA YACHITATU: ANDROID NDI GOOGLE PLAY

Mtengo. Madola 25, kamodzi kokha. Google imatenga 15 peresenti pa madola 1 miliyoni oyamba a chaka. Android Studio, chida cholembera mapulogalamu a Android, imafuna RAM ya 8 GB kuti iyende, ndipo ndi 16 GB m'pamene imapuma bwino. Ngati yanu ndi yochepa, musayatse emulator (foni yoyerekezera ya pakompyuta), lumikizani foni yeniyeni ndi chingwe. Za iPhone tingodutsa: madola 99 chaka chilichonse kuphatikiza kompyuta ya Mac, pamene anthu ambiri kuno ali ndi Android.

Kupezeka. Apa m'pamene kusiyana kwa kulembetsa ndi kugulitsa kumaonekera bwino. Google ili ndi tsamba la mayiko lokhala ndi mizere iwiri, wina wa ololedwa kulembetsa ngati wopanga, wina wa ololedwa kugulitsa. Onani mzere wachiwiriwo pa dzina la Malawi musanalembe code ya kugula zinthu mkati mwa pulogalamu. Musalembetse ndi adiresi ya mnzanu wa ku Johannesburg kuti muzembe lamulo: tsiku limene adzafune zikalata zotsimikizira, akaunti ndi ndalama zidzatsekeredwa limodzi.

Ma akaunti a munthu payekha otsegulidwa pambuyo pa 13 November 2023 ali ndi chipata china. Musanatulutse pulogalamu kwa anthu onse, iyenera kuyesedwa ndi anthu 12 kwa masiku 14 otsatizana. Poyamba ankafuna anthu 20. Pezani anthu 16 kapena 18, chifukwa wina adzataya foni, wina adzatulukamo osakuuzani, ndipo chiwerengero chikatsika masiku aja amasokonekera. Anzanu a ku MUBAS, a kutchalitchi kapena a kumpira akwanira, bola akhale oti adzaitseguladi n'kukuuzani pamene yakanirira.

Njira ya zotsatsa, monga AdMob, imalipira ndalama zikakwana madola 100. Zisanafike pamenepo amatumiza PIN pa positi yotsimikizira adiresi, ndiye lembani bokosi la positi limene mumalitseguladi.

Kusamalira. Apa ndi polemetsa kuposa mmene anthu amaganizira. Chaka chilichonse, pofika kumapeto kwa August, Google imakweza mlingo wa Android umene mapulogalamu ayenera kutsatira, ndipo yotsalira imasiya kuoneka kwa anthu a mafoni atsopano. Pamafunika tsamba lofotokoza mmene mumasungira zinsinsi za anthu ndi fomu ya Data safety yogwirizana ndi zimene pulogalamuyo ikuchitadi. Fayilo ya kiyi yosainira, imene imatsimikiza kuti pulogalamuyo ikuchokera kwa inu, muisunge malo awiri osiyana, pamodzi ndi mawu ake achinsinsi.

Ngati mukulembera anthu a kuno, yeserani pa itel kapena Tecno ya RAM ya 2 GB, osati pa foni yanu yabwino. Pulogalamu isapitirire 30 MB, izigwira ntchito popanda intaneti, ndipo isakopere kanthu mwakachetechete. Munthu amene yamuthera bandulo ya tsiku amaichotsa nthawi yomweyo.

Zoopsa. Dong Nguyen wa ku Vietnam anauza atolankhani mu 2014 kuti gemu yake ya Flappy Bird inkamubweretsera pafupifupi madola 50,000 patsiku kuchokera ku zotsatsa, ndipo nkhani imeneyi yakokera achinyamata ambiri ku njira iyi. Ndalama zimenezo zinkachokera kwa anthu mamiliyoni a m'mayiko amene otsatsa amalipira kwambiri. Zotsatsa zoonedwa ku Malawi zimalipira zochepa zedi poyerekeza ndi za ku America kapena ku Ulaya, ndipo pulogalamu imene ikugwira ntchito popanda intaneti siionetsa zotsatsa n'komwe. Choncho zimene zimasangalatsa wogwiritsa ntchito wa kuno ndi zomwenso zimachepetsa ndalama zanu. Choopsa china ndi kutsekedwa kwa akaunti. Kudina zotsatsa zanu, kapena kupempha abale kuti azidina, AdMob imakuona ndipo imatseka. Poyesera gwiritsani ntchito zotsatsa zoyesera zimene iwo amapereka. Akaunti ya Play ikatsekedwa chifukwa chophwanya malamulo, kutsegula ina n'koletsedwa.

NJIRA YACHINAYI: MAPULOGALAMU A MABIZINESI A KUNO

Iyi siitchuka pa YouTube, koma ndi imene imabweretsa ndalama msanga kwa munthu wa mu Blantyre. Tikunena za pulogalamu yowerengera katundu m'shopu ya hardware ku Limbe, yolondola fizi pa sukulu yapulayiveti ku Chirimba, yoyang'anira masiku othera mankhwala ku famase, yolemba ngongole ndi masheya a banki mkhonde, kapena yosungira mabuku a alendo ku loji.

Mtengo. Polowera pafupifupi palibe madola. Laputopu imene muli nayo, zida zolembera monga PHP ndi Laravel kapena C# kapena Flutter, ndi database (mosungira zolembedwa zonse) ya SQLite, zonse n'zaulere. Gulani pulinta imodzi ya malisiti ya 58mm kapena 80mm yoyesera, chifukwa kusindikiza ndi kumene kumavuta tsiku loika pulogalamu. Ndalama zenizeni zimapita ku mayendedwe ndi mayunitsi. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kutenga TPIN ku MRA kuchitike msanga: sukulu ndi makampani ambiri salipira munthu wopanda invoice yovomerezeka, ndipo akuluakulu amadula msonkho polipira n'kukupatsani chikalata chake, chimene muyenera kusunga.

Kupezeka. Makasitomala ali pa mtunda wa minibasi imodzi, ndipo amalipira pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku banki tsiku lomwelo. Ngati pulogalamuyo iyenera kulandira ndalama yokha pa intaneti, alipo makampani a kuno monga PayChangu olumikiza Airtel Money, Mpamba ndi makhadi. Palibe msonkho wa America, palibe kudikira ndalama zakunja.

Musanalembe mzere ngakhale umodzi, khalani m'shopumo tsiku lathunthu. Onani mmene wogulitsa amalembera m'kope: misomali yogulitsidwa pa kilo koma yogulidwa pa katoni, simenti imene kasitomala walipira koma adzatenga Loweruka, mtengo wina wa makontilakitala, ngongole ya mlamu wa abwana imene siilembedwa paliponse. Pulogalamu imene siidziwa zinthu zimenezi amaisiya pakatha sabata ziwiri n'kubwerera ku kope.

Kusamalira. Njira iyi ili ngati dimba: imabereka chaka chonse, koma imafuna kuthirira tsiku ndi tsiku. Zimene zimawonongeka n'zodziwika. Magetsi akathima pakati pa kulemba, database imatha kuonongeka. Lembani malonda aliwonse mkati mwa transaction (kuti alembeke onse kapena asalembeke n'komwe), yatsani WAL (njira yolembera kaye zosintha mu fayilo yapadera) pa SQLite, ndipo uzani mwini shopu agule UPS (batire logwirizira kompyuta magetsi akathima) yaing'ono ngati akugwiritsa ntchito kompyuta yapatebulo. Makompyuta akale ogulidwa kaunjika amakhala ndi kabatire kakufa ka wotchi, ndiye tsiku limabwerera m'mbuyo ndipo malisiti onse amatuluka ndi deti lolakwika. Pulogalamu izikana kutseguka ngati deti la lero lili kumbuyo kwa malonda omaliza. Mavairasi amabwera ndi fulashi ya nyimbo. Pulogalamu izisunga yokha kope la database madzulo aliwonse pa fulashi yosiyana, komanso pa intaneti ikapezeka, ndipo kamodzi pamwezi yesani kubwezeretsa kopelo kuti muone ngati likutsegukadi. Ikani AnyDesk kapena RustDesk, zolowera mu kompyuta ya kasitomala muli kutali, kuti zambiri muzikonza muli pakhomo. Windows 10 inasiya kulandira zokonza zachitetezo zaulere za nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri a m'mashopu akadali pamenepo.

Chifukwa cha zonsezi, kugulitsa kamodzi n'kutha ndi kudzipweteka. Gawani mtengo pawiri: ndalama yoikira ndi kuphunzitsa antchito, ndi ndalama ya mwezi kapena ya teremu yosamalira. Lembani pulogalamu imodzi ya mtundu umodzi wa bizinesi n'kuigulitsa kwa anthu khumi. Mukamalembera aliyense yakeyake, mudzakhala ndi mapulogalamu khumi oti muzikonza nokha.

Zoopsa. Choyamba ndi kusalipidwa. Tengani 40 kapena 50 peresenti musanayambe, ndipo pakhale pepala losainirana lonena zimene pulogalamu idzachite, zimene siidzachita, mtengo wa zowonjezera, ndiponso kuti code ndi yanu, kasitomala wagula chilolezo choigwiritsa ntchito. Mawu oti "achimwene, mungowonjezerako kakang'ono aka" amatha kudya mwezi wathunthu. Chachiwiri ndi antchito amene sakuifuna pulogalamuyo chifukwa ikuonetsa katundu wosowa. Adzanena kuti ndi yolakwika. Wantchito aliyense akhale ndi dzina lake lolowera, ndipo chilichonse chosinthidwa kapena kufufutidwa chizilembedwa ndi nthawi yake. Chachitatu ndi lamulo. Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ikuyang'anira, ikukhudza aliyense wosunga mayina, manambala a foni ndi mbiri ya anthu, ndipo za ana asukulu ndi za odwala n'zofunika kusamala koposa. Chomaliza, ndalama zanu zili mu kwacha pamene laputopu yatsopano mtengo wake umatsatira dola. Pangano linene kuti mtengo wa mwezi udzaunikidwanso chaka chilichonse.

NJIRA YACHISANU: PULOGALAMU YA PA INTANETI YOLIPIRA MWEZI NDI MWEZI

Apa mukupanga chida chaching'ono chothetsa vuto limodzi la anthu akunja, iwo n'kumalipira pamwezi.

Mtengo. Seva yaing'ono ndi madola 5 kapena 6 pamwezi, dzina la .com ndi madola 10 mpaka 15 pachaka, satifiketi ya chitetezo cha tsamba ya Let's Encrypt ndi yaulere. Zikuoneka zochepa, koma n'zobwerezabwereza ndipo zonse zimafuna khadi logwira ntchito kunja.

Kupezeka. Stripe, kampani yolandirira malipiro a makhadi, imene maphunziro ambiri a pa intaneti amangoiganizira kuti muli nayo, siitsegulira mabizinesi a ku Malawi. Chotsala ndi makampani ogulitsa m'malo mwanu, monga Paddle ndi Lemon Squeezy, amene amatenga pafupifupi 5 peresenti ndi masenti 50 pa malipiro aliwonse, n'kusamalira okha misonkho ya mayiko a ogula. Amaunika tsamba lanu asanakuvomereni, ndiye pemphani msanga ndi kuona njira zawo zolipirira. Masamu ake ndi awa: makasitomala 50 olipira madola 9 ndi madola 450, akadula masenti 95 pa aliyense mumatsala ndi madola 402.50. Masenti 50 aja amapweteka pa mtengo wotsika, n'chifukwa chake kulipiritsa madola 3 pamwezi kulibe nzeru.

Kusamalira. Seva ili kunja, ndiye kuthima kwa magetsi kwanu sikuigwetsa, koma inuyo muyenera kupezeka ikagwa. Khalani ndi ma SIM a makampani awiri ndi chida chaulere chokuchenjezani tsamba likasiya kuyankha. Nthawi yathu imayenderana bwino ndi ya ku Ulaya, kusiyana kwake ndi ola limodzi kapena awiri, nthawi zina palibe. New York ali m'mbuyo ndi maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, kotero madandaulo a kumeneko amafika inu mukukagona.

Zoopsa. Khadi likakana kulipira chifukwa banki yachepetsa malire a ndalama zakunja, seva imaimitsidwa, ndipo pakapita masiku imafufutidwa ndi zonse za makasitomala. Lipiriranitu miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi khadi likamagwira, ndipo kope la database lizikhala kwina, osati pa kampani yomweyo. Choopsa chachikulu komabe ndi kupeza makasitomala 50 aja. Kulemba chidacho kungatenge miyezi iwiri. Kupeza anthu osakudziwani oti akukhulupirireni ndi khadi lawo kumatenga chaka kapena kuposa, ndipo mwezi uliwonse ena amachoka. Zimayenda kwa amene akudziwa kale gulu la anthu ndi vuto lawo, mwachitsanzo amene wagwirapo ntchito ndi mabungwe othandiza anthu ndipo akudziwa malipoti amene amawasowetsa tulo.

NDANI ATENGE ITI

Ngati lendi ya mwezi wamawa ikudalira ntchito imeneyi, tengani njira yachinayi ndipo musayang'ane kwina kufikira mutakhala ndi makasitomala asanu olipira pamwezi. Yambani ndi bizinesi imene wachibale kapena mnzanu akugwiramo, chifukwa adzakuonetsani kope lenileni.

Ngati muli pa ntchito yolipidwa ndipo muli ndi madzulo ndi Loweruka, Steam ikukuyenerani, popeza mungapirire chaka chopanda malonda ndipo gemu ikatuluka siidzakuimbirani foni muli ku ofesi. Dutsani kaye pa itch.io ndi magemu atatu aang'ono, musankhe imene anthu anaisewera kawiri. Njira yachinayi kwa inu ndi yovuta: pulinta ya kasitomala imafa 10 koloko m'mawa, inu muli pa msonkhano.

Wophunzira wa ku koleji amene ali ndi laputopu ya RAM ya 4 GB ayambe ndi Godot ndi itch.io, kenako pulogalamu imodzi ya Android yothandiza anzake a m'kalasi. Anthu 12 oyesa ali nawo kale mu hostel, ndipo pulogalamu yokhala pa Play ndi umboni wamphamvu pofunsira ntchito kuposa satifiketi yokha. Asayembekezere ndalama za zotsatsa.

Amene ali kale ndi makasitomala akunja, akaunti ya Payoneer yoyesedwa ndi khadi lodalirika, njira yachisanu ndi yake, ndipo chida choyamba chichokere pa ntchito imene makasitomalawo amamupatsa mobwerezabwereza.

Amene amatha kujambula kapena kupeka nyimbo kuposa kulemba code asadzikakamize kumaliza gemu yonse. Pa itch.io pamagulitsidwanso zithunzi ndi nyimbo zoti ena aike m'magemu awo, ndipo paketi imodzi imatheka m'masabata ochepa.

Kwa onse amene asankha njira yolandira madola, sabata yoyamba ipite ku kuyesa njira ya ndalama. Tsegulani akaunti yolandirira, itsimikizeni ndi chiphaso cha dziko kapena pasipoti, landirani kandalama kochepa kuchokera ku ganyu yaing'ono ya pa intaneti, n'kukatulutsa mpaka kafike ku banki yanu mu Blantyre. Lembani masiku amene katenga ndi zimene zadulidwa panjira, ndipo manambala amenewo ndiwo muwerengere mtengo wa gemu kapena chida chanu.